Gawo 200 linagwa, koma chisamani chanu chikadali ndi mano

Mayi a ku Chibavi, nkhani yanu ndaimva motere. Munalemba pa gulu la WhatsApp la makolo kuti mkulu wina wa m'komiti ya sukulu wadya ndalama za simenti. Wina anatenga mawuwo n'kukawaika pa Facebook pamodzi ndi chithunzi cha mkuluyo. Tsopano mwalandira chisamani chochokera ku High Court ya kuno ku Mzuzu, mkuluyo akufuna chipukutamisozi chifukwa mwamuipitsira mbiri. Achimwene anu akuuzani kuti musataye nazo tulo, lamulo la kuipitsa mbiri linathetsedwa, iwo anamva okha pa wailesi. Mapepalawo ali m'kabati ndipo papita masiku 9.

Kawatulutseni m'kabatimo lero lomwe.

Achimwene anu anamvadi zoona, kungoti anamva theka. Mu July 2025 oweruza atatu a High Court, pa mlandu wa a Joshua Chisa Mbele, anagamula kuti gawo 200 la Penal Code (lamulo la milandu yozengedwa ndi boma), lokhudza kuipitsa mbiri, likusemphana ndi ufulu wolankhula umene uli m'gawo 35 la malamulo aakulu a dziko lino. A Mbele ankazengedwa mlandu chifukwa cha zimene analemba zokhudza amene anali mkulu wa asilikali nthawi imeneyo. Chimene chinagwa pamenepo ndi mlandu woti boma likuzengeni n'kukutsekerani kundende chifukwa choipitsa mbiri ya munthu. Mwayi woti munthu akasume yekha, ndi loya wake, n'kupempha kuti mumulipire, sunakhudzidwe. Ndipotu oweruzawo anaona kuti njira yosumirana imeneyi ilipo kale, n'chifukwa chake ndende siikufunika. Chimene mwalandira inu ndi cha njira yachiwiriyi.

Pamene ndaona anthu ambiri akugwera ndi pa masiku. Malamulo oyendetsera milandu yosumirana ku High Court, amene anayamba kugwira ntchito mu 2017, amapatsa munthu wosumiridwa masiku 14 kuchokera tsiku limene walandira chisamani kuti akapereke yankho lake ku khoti. Yankholi ndi fomu yaifupi, yongonena ngati mukuvomera kapena mukufuna kudziteteza. Mukatero muli ndi masiku 28, kuwerengabe kuchokera tsiku lomwelo lolandirira chisamani, kuti mupereke chikalata chenicheni chodzitetezera, choyankha mfundo ndi mfundo zimene wodandaula wanena. Anthu ena amapereka fomu yoyambayo n'kukhala phee, poganiza kuti khoti liwaitana. Siliitana. Masiku akatha, loya wa mbali inayo amangopereka umboni wolumbirira woti munalandira mapepala, n'kupempha chigamulo inu kulibe. Woweruza sakhala atamva ngati simentiyo inabedwadi kapena ayi. Chimatsala ndi kuwerengera kuti mulipira zingati, ntchito imene kawirikawiri amagwira ndi a Registrar (mkulu woyang'anira kaundula wa milandu ku khoti), kenako ma sherifu akhoza kufika pakhomo kudzalemba firiji ndi mipando.

Chimene chimadya masikuwa nthawi zambiri si ulesi ayi, ndi zokambirana. Abusa akuti tikumane Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi. Amfumu a m'dera akuti tidikire mkuluyo abwere kuchokera ku Karonga. Amalume akuti nkhani za pachibale sizipita kukhoti. Zonsezi n'zabwino, ndipo milandu yambiri yotere imatheradi pa mphasa, koma khoti silidziwa kuti mukukambirana. Wodandaula akhoza kukhala nanu pa zokambirana m'mawa, akumwetulira, masana loya wake ali ku registry, ofesi yolandira mapepala a milandu ku khoti, kukapempha chigamulo, ndipo palibe lamulo limene waphwanya. Ngati mbali inayo ikunenadi zoona kuti ikufuna kukambirana, loya wawo alembe kuti akukuwonjezerani masiku. Ngakhale atalemba, ine ndinganene kuti perekanibe yankho lanu. Kupereka yankho sikutseka khomo la kukambirana.

Chigamulo chotere chikaperekedwa, n'zotheka kupempha khoti kuti lichichotse, koma musadalire zimenezo. Pempholo liyenera kupita msanga, malamulo amatchula miyezi 3, ndipo muyenera kufotokoza molumbira chifukwa chimene simunayankhire komanso kuonetsa kuti muli ndi chodzitetezera chomveka. Kuti achimwene anamva pa wailesi, sindikuona woweruza akukhutira nacho. Ndipo ngakhale mutapambana, ndalama zimene zawonongeka kale, kuphatikizapo za ma sherifu, nthawi zambiri zimagwera inu. Powerenga masiku, werengani onse, Loweruka ndi Lamlungu lomwe. Bola kufika msanga kusiyana ndi kukakangana za kawerengedwe pa kauntala.

Kodi mlanduwo mungapambane? Sindingalonjeze ndisanaone mapepala. Pa milandu ya kuipitsa mbiri, wodandaula akangoonetsa kuti munanena mawuwo kwa anthu ena, kuti ankanena za iye, ndiponso kuti ndi otsitsa ulemu wake, mtolo umabwera kwa inu. Mukati zimene munalemba n'zoona, muyenera kuonetsa ndinu, osati iye kuonetsa kuti sanabe. Choncho funso ndi lakuti muli ndi chiyani m'manja: malisiti, zolemba za pa msonkhano wa komiti, ndondomeko ya ndalama zimene makolo anasonkha, munthu amene anawerenga matumba a simenti ndipo ali wokonzeka kuima m'khoti. Zoti aliyense ku Chibavi akudziwa si umboni. Kuyamba uthenga ndi "akuti" sikupulumutsanso, chifukwa wobwereza nkhani yoipitsa mbiri lamulo limamuona ngati wainena yekha.

Pali mfundo ina imene loya wanu ayenera kuiyang'ana bwino. Lamulo limateteza munthu amene wauza anthu okhudzidwa nkhani imene ali ndi chifukwa choidziwira, bola asakhale ndi cholinga choipa. Kholo lofunsa makolo anzake za ndalama zimene onse anasonkha likhoza kulowa m'chitetezo chimenechi. Koma chimafooka ngati m'gulumo muli anthu ambiri amene si makolo, ngati panali kale chidani pakati pa inu ndi mkuluyo, kapena ngati munalimbikitsa kuti uthengawo ufalitsidwe. Za pa Facebook, amene anaika ali ndi mlandu wakewake. Ngati inunso mungasenzetsedwe zimenezo zidalira ngati zinali zoonekeratu kuti mawu anu atuluka m'gululo, ndipo pa WhatsApp ndi kovuta kunena kuti simunayembekezere.

Mwanenanso kuti mkuluyo akuopseza kuti akutengerani kupolisi. Pa gawo 200 sangathe, ndipo wapolisi amene angalembebe mlandu umenewo ndiye kuti sakutsatira zimene makhoti agamula, zomwe mwatsoka zimachitika. Koma lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 likugwirabe ntchito, ndipo gawo 87 la lamulolo, lokhudza mauthenga osokoneza mtendere wa munthu, lagwiritsidwapo ntchito pomanga anthu olemba pa Facebook ndi pa WhatsApp. Ngati uthenga umodzi wofunsa za ndalama za sukulu ungakwane pa gawo limenelo, ndikukayika, koma kukayika kwanga sikungakuletseni kugona m'chitokosi usiku umodzi. Mukaitanidwa, pitani ndi munthu, makamaka loya. Muli ndi ufulu wokhala chete, wotengeredwa kukhoti pasanathe maola 48, ndipo belo ya kupolisi ndi yaulere, aliyense anene zimene anganene.

Zotsalazi chitani mofulumira. Jambulani uthenga wonse pa foni, ndi zimene zinanenedwa patsogolo ndi pambuyo pake, komanso mndandanda wa anthu a m'gululo, musanafufute chilichonse. Lekani kulemba za nkhaniyi, ngakhale mophiphiritsa pa status, chifukwa zimenezo zimakatengedwa ngati umboni wa chidani ndipo zimakweza chipukutamisozi. Kupepesa kumatha kuchepetsa ndalama, koma musasainire kalata yopepesa imene walemba loya wa mbali inayo wanu asanaione, popeza ikhoza kukhala kuvomera mlandu wonse. Ngati chithunzi chija munachitumiza ndinu ndipo anajambula ndi wina, dziwani kuti pansi pa Copyright Act ya 2016 mwini chithunzi akhoza kukhala ndi dandaulo lakelake, ngakhale panopa si limene likukuthamangitsani.

Ngati ndalama za loya palibe, Legal Aid Bureau, nthambi ya boma yothandiza pa milandu anthu osowa ndalama za loya, ili ndi ofesi kuno ku Mzuzu. Pitani mawa m'mawa ndi mapepala onse, ndipo chinthu choyamba kunena pakhomo ndi tsiku limene munalandira chisamani, kuti asakuuzeni zobweranso sabata yamawa. Akachedwa, musadikire: pitani nokha ku registry ya High Court, pemphani fomu yoyankhira ngati siinabwere ndi chisamanicho, lembani kuti mukufuna kudziteteza, ndipo musachoke opanda kope yanu yodindidwa chidindo ndi tsiku. Kope ina ikafike kwa loya wa wodandaula, ndipo wolandirayo asainire. Mlandu ukayankhidwa bwino, kawirikawiri umayamba wapita kwa woweruza wokhala mkhalapakati usanazengedwe, ndipo zimene abusa ndi amalume akufuna zikhoza kukambidwa kumeneko. Mwatsala ndi masiku 5.