Digiri ya uinjiniya ikafika kunja imayamba yafunsidwa kumene idachokera

Sabata zapitazi ndakhala ndikucheza ndi achinyamata angapo amene angofika kumene kuno ku Australia, ndipo onse funso lawo n'limodzi. Amati achimwene, ine ndine injiniya, digiri ndili nayo ndipo ndinakhoza bwino, nanga bwanji makalata anga ofunsira ntchito sakuyankhidwa? Ine ndinadutsamo m'njira yomweyo. Chaka changa choyamba ndinkanyamula makatoni m'nyumba yosungira katundu, satifiketi yanga ili phee m'chikwama, ndikumadziuza kuti anthu akuno ndi atsankho basi. Tsankho lilipo ndithu, sindikana, koma chimene chinkanditchinga ine chinali china, ndipo palibe amene anandiuza.

Kuno bwana saona dzina la yunivesite yanu n'kugwedeza mutu. Iye amafuna kudziwa ngati bungwe la mainjiniya lavomereza maphunziro amene munachita. Mabungwe amenewa a m'mayiko osiyanasiyana anapangana kalekale kuti azikhulupirirana. Mgwirizano waukulu ndi wotchedwa Washington Accord, umene unasainidwa mu 1989 ndi mabungwe a mayiko asanu ndi limodzi: United States, United Kingdom, Canada, Australia, New Zealand ndi Ireland. Mfundo yake njosavuta. Ngati bungwe la dziko lina lomwe lili mumgwirizanowu layendera kosi inayake, laona aphunzitsi, malabu, mayeso ndi mapulojekiti a ophunzira n'kunena kuti ikukwanira, mabungwe enawo amavomera kuti maphunzirowo ndi ofanana ndi awo. Sabwerezanso kufufuza munthu aliyense payekha. Nawonso mabungwewa amayenderana pakapita zaka zingapo kuti wina asamagone pantchito.

Patapita nthawi ena analowamo. Hong Kong mu 1995, South Africa kudzera ku bungwe lake la mainjiniya lotchedwa ECSA mu 1999, Japan mu 2005, India mu 2014, China mu 2016. Washington Accord ndi ya digiri ya zaka zinayi ya injiniya weniweni. Pali inanso iwiri, Sydney Accord ya 2001 ya amene amatchedwa technologist (a maphunziro a uinjiniya a zaka zitatu), ndi Dublin Accord ya 2002 ya matekinishani. Yonse itatu imayendetsedwa pansi pa International Engineering Alliance. Ku Ulaya kulinso chizindikiro chawochawo chotchedwa EUR-ACE, koma izo n'za amene akulowera kumeneko.

Tsopano mverani bwino apa, chifukwa ndi pamene ambiri timapunthwa. Chimene chimavomerezedwa si yunivesite yonse ayi, ndi kosi. Yunivesite imodzi yomweyo ikhoza kukhala ndi kosi ya civil yovomerezeka pamene ya mechanical sinayenderedwe n'komwe. Kosi yophunzira masana pasukulu yaikulu ikhoza kukhala pamndandanda, koma yomweyo yophunzitsidwa kunthambi ina kapena mwa makalata osakhalapo. Chinanso ndi chaka. Mnzanga wina wochokera ku India anamaliza digiri yake dziko lake lisanalowe mumgwirizano, ndipo mng'ono wake amene anaphunzira pasukulu yomweyo zaka zingapo pambuyo pake anadutsa mosavuta pamene mkuluyo anauzidwa kuti ayende njira yaitali. Anakwiya kwabasi, ine ndinamumvetsa, koma lamulo ndi lomwelo. Palinso msampha wina: mabungwe ena monga ABET ya ku America amayendera makosi ngakhale m'mayiko akunja, koma kosi yovomerezedwa kunja kwa dziko la bungwelo sikuti imangolowa yokha mu Washington Accord. Musanalipire kalikonse, tsegulani mndandanda wa bungwe la dziko limene munaphunzira, mupeze dzina lenileni la kosi yanu monga lalembedwera pa satifiketi, komanso zaka zake.

Nanga ife amene tinaphunzira kumayiko omwe sali mumgwirizanowu? Chitseko sichinatsekedwe, kungoti timalowera chakuseri. Kuno bungwe la mainjiniya lotchedwa Engineers Australia ndi amene amaunika maphunziro a obwera, ndipo kwa ife amafuna lipoti lotchedwa Competency Demonstration Report, aliyense amangoti CDR. Mumalemba nkhani zitatu za ntchito ya uinjiniya imene munagwirapo, n'kuwonjezera chidule chosonyeza kuti luso lakuti likuoneka m'ndime yakuti, ndi mndandanda wa maphunziro owonjezera amene mwachita. Amafunanso umboni wa mayeso a Chingerezi monga IELTS.

Pa CDR ndi pomwe ndinavutikira kwambiri, ndipo chifukwa chake chingakusekeni. Ife tinaleredwa kuti kudzitama n'chipongwe. Ndinalemba nkhani zanga zonse ndikuti "tinachita", "gulu lathu linaganiza", "tinakonza". Mayi wina wachikulire, injiniya amene ndinkapemphera naye, atawerenga anandibwezera mapepala n'kundifunsa kuti kodi inuyo munali kuti pamene ena onsewa ankagwira ntchito? Woyesa CDR ku Engineers Australia safuna mbiri ya kampani. Akufuna kudziwa kuti inuyo munawerengetsera chiyani, munasankha chitsulo chanji ndipo chifukwa chiyani, chitavuta munachita bwanji. Ndinalembanso zonse kuyambira pachiyambi ndikuti "ndinachita", manyazi ali tho. Ngati simunagwirepo ntchito, pulojekiti yanu ya chaka chomaliza ikhoza kukhala imodzi mwa nkhanizo.

Pa intaneti mudzapeza anthu otsatsa kuti akulemberani CDR yonse mukangowalipira. Athaweni. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: amakopera nkhani imodzi n'kugulitsa kwa anthu ambiri, ndipo oyesawo ali ndi makompyuta ogwira zokopera. Mukagwidwa amakukanani n'kukuletsani kufunsiranso kwa nthawi ndithu, ndalama zanu zitapita kale.

Za mapepala ndinene mwachidule. Transcript (chikalata cha kusukulu chosonyeza mmene munakhozera maphunziro anu), ndondomeko ya zimene munkaphunzira m'phunziro lililonse, lipoti la pulojekiti, makalata a mabwana akale osonyeza masiku ndi ntchito yeniyeni imene munkagwira, zonsezi zisonkhanitseni msanga. Ine ndinadikira miyezi yambiri kalata imodzi yokha, chifukwa bwana wanga wakale anali atachoka ndipo otsalawo sankandidziwa. Muonenso kuti dzina lanu lalembedwa mofanana pa pasipoti ndi pa satifiketi, chifukwa chilembo chimodzi chosiyana chimakuimikani.

Ena amaganiza kuti akachita masters (digiri yachiwiri) iliyonse kuno ndiye kuti nkhani yatha. Ayi ndithu. Pali masters zina zimene Engineers Australia inavomereza ngati khomo lolowera mu uinjiniya, ndipo zilipo zambiri zimene sizili pamndandandawo ngakhale fizi yake ndi yoboola m'thumba. Funsani musanalembetse, ndipo yankho mulione nokha pamndandanda, osangomvera wolemba ana pasukulupo.

Ngakhale amene digiri yawo ili mu Washington Accord asaganize kuti afika. Mgwirizanowu umangonena za maphunziro, supereka chilolezo chosainira mapulani. Kuno kuchigawo cha Queensland muyenera kulembetsa kukhala RPEQ, kutanthauza injiniya wolembetsedwa mwalamulo kumeneko, apo ayi muzigwira ntchito moyang'aniridwa ndi amene analembetsa, ndipo kuchigawo cha Victoria lamulo lolembetsa mainjiniya linayamba kugwira ntchito mu 2021. Amene mukulingalira zodzasamukira ku United Kingdom mudzakumana ndi bungwe lolembetsa mainjiniya la Engineering Council ndi maudindo ake a uinjiniya otchedwa CEng ndi IEng, ku America kuli mayeso opezera chilolezo cha uinjiniya otchedwa FE ndi PE ndipo chigawo chilichonse chili ndi malamulo ake. Choncho kuyambira tsiku loyamba pantchito, ngakhale atakulembani ngati wojambula mapulani chabe monga anandichitira ine, gulani kope ndipo muzilemba pulojekiti iliyonse, masiku ake, zimene munachita ndi dzina la amene ankakuyang'anirani. Kope langalo ndi lomwe ndinatsegula nditayamba kudzaza mafomu olembetsera patadutsa zaka zisanu.