Tengani G29 yakaleyo, achimwene, koma muiyese musanalipire

Achimwene, mwafunsa ngati mugule chiwongolero chosewerera magemu chotchipa chatsopano chimene mwachiona m'sitolo, kapena muwonjezere ndalama n'kutenga Logitech G29 imene munthu wina akugulitsa ataigwiritsapo ntchito, poti muli ndi PlayStation 4 (PS4) ndipo gemu yanu ndi ya mpikisano wa magalimoto ya Gran Turismo 7. Ine ndikuti tengani G29, ngakhale mudikire kaye mwezi wina kuti ndalama zikwane.

Ndikunena molimba chonchi chifukwa chotchipacho ndinayamba nacho ineyo. Pabokosi panalembedwa kuti chimanjenjemera, ine n'kumaganiza kuti ndiye force feedback imeneyo. Ayi ndithu. Mkati mwa ziwongolero zoterezi mumakhala sipulingi kapena mphira wongobweza chiwongolero pakati, ndi kamota kogwedeza ngati ka mu padi, chosewerera gemu cha m'manja chija. Zambiri zimazungulira madigiri 180 kapena 270 basi, ndiye mukangokhudza pang'ono galimoto yalowa kale m'khoma. Ndinabwerera ku padi pasanathe milungu iwiri, ndalama zitapita.

Force feedback yeniyeni ndi mota imene imakoka chiwongolero motsatira zimene matayala akutsogolo akukumana nazo mu gemumo. Mukalowa pakona, chiwongolero chimalemera chifukwa matayala agwira msewu. Mukalowa mothamanga kwambiri, chimapepuka mwadzidzidzi m'manja, ndipo kupepukako kukukuuzani kuti matayala akutsogolo asiya kugwira, galimoto ikungopita chamtsogolo, chotsani phazi pamoto. Kumbuyo kukayamba kutsetsereka, chiwongolero chimathamangira chokha mbali imene muyenera kukhotera kuti muiwongole, inu ntchito yanu n'kungochilola ndi kuchigwira pa nthawi yake. Amene anayendetsapo galimoto pamatope nthawi ya dzinja akudziwa zimene ndikunena: manja amadziwa kuti zinthu zavuta maso asanaone. Chimene mukulipira ndi chimenechi, osati kugwedezeka.

G29 inatuluka mu 2015. Imazungulira madigiri 900, kutanthauza kawiri ndi theka kuchoka mbali ina kukafika ina, ndipo imabwera ndi zopondera zitatu: moto, buleki ndi klatchi. Mphamvu yake ndi yochepa, ma Nm (muyeso wa mphamvu yozunguza chiwongolero) awiri ndi pang'ono, ndipo imadutsa m'magiya, n'chifukwa chake imachita phokoso la kugogoda mukakwera m'mphepete mwa msewu, komanso pakati penipeni imamveka ngati yamasuka pang'ono. Zimenezi si kuwonongeka, ndi mmene inapangidwira. Ubwino wake ndi kulimba, komanso poti anthu ambiri ali nayo, vuto lililonse wina analikonzapo kale ndipo anaika vidiyo pa YouTube.

Chenjerani ndi mapasa ake. G920 imaoneka pafupifupi chimodzimodzi koma ndi ya Xbox ndi kompyuta, pa PlayStation sigwira. G29 ndi ya PlayStation ndi kompyuta, ndipo mukadzagula PS5 idzagwirabe. Pamwamba pake pali kaswitchi kolembedwa PS3 ndi PS4, kakhale pa PS4. Palinso G923 ya mu 2020, koma mkati siisiyana kwenikweni ndi G29, ndiye musawonjezere ndalama zambiri chifukwa cha dzina.

Ngati mwayi utagwa n'kupeza Thrustmaster T300 RS pamtengo woyandikira, imeneyo ndingaisankhe. Imagwiritsa ntchito lamba m'malo mwa magiya, mphamvu yake imayandikira ma Nm 4, imazungulira mpaka madigiri 1080, ndipo kupepuka kwa matayala kuja kumamveka bwino kwambiri. Koma imatentha mukasewera nthawi yaitali, ndiye pogula mvetserani ngati kafani ka mkati kakuzungulira. Za direct drive, zimene chiwongolero chimamangidwa pa mota penipeni, monga Gran Turismo DD Pro ya Fanatec ya ma Nm 5, zisiyeni kaye. N'zabwino, palibe angatsutse, koma mtengo wake ndi wina ndipo zimafuna chomangirapo cholimba kuposa tebulo la m'nyumba.

Tsopano poyesa. Musalipire musanailumikize ku PS4 kapena kompyuta pamaso panu. Ikayaka imazungulira yokha mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri kenako n'kuima pakati, ndipo nthawi imeneyo manja akhale kutali, makamaka a ana. Ikapanda kuzungulira, kapena ikaima chopendekera, isiyeni pomwepo. Kenako lowani mu gemu muponde chopondera chilichonse pang'onopang'ono mukuyang'ana kamzere koonetsa mmene mwapondera. Kakhale kokwera bwinobwino ndi kubwerera pansi mukachotsa phazi. Kakamadumphadumpha ndiye kuti m'masensa a zoponderazo mwalowa fumbi. Zimenezi zimakonzeka potsegula ndi kupopera mankhwala otsukira zamagetsi, koma ndi chifukwa chokwanira chonenerera mtengo. Ndipo fumbi lathu la mwezi wa Okutobala mukulidziwa, mukamaliza kusewera muzifunditsa nsalu. Buleki ya G29 ndi yolimba kumapeto chifukwa muli kamphira mkati, musaganize kuti yafa. Onetsetsaninso kuti adaputa yake yamagetsi ilipo, chifukwa popanda iyo mota sigwira ntchito. Ngati yachokera ku South Africa pulagi yake siilowa m'masoketi athu a mano atatu amakona, mudzafunika chosinthira. Muilumikize kudzera pa chotetezera magetsi, poti magetsi akabwera mwamphamvu atazima, adaputa ngati imeneyi kuipeza ina si masewera.

Giya ya pamanja ya magiya 6 amagulitsa payokha. Musavutike nayo pano, tizitsulo tiwiri tosinthira magiya ta kuseri kwa chiwongolero tikukwanirani.

Chimene anthu ambiri sachiganizira ndi pomangirira. Chiwongolero chabwino pa tebulo logwedera chimakhala ngati chotchipa chija, chifukwa mphamvu yonse imathera pogwedeza tebulo m'malo mofika m'manja. Pezani tebulo lolemera, mumange zolimba zomangira ziwiri za chiwongolerocho, zopondera muzitsamiritse kukhoma, ndipo mpando usakhale wa matayala. Pansi pa G29 pali mabowo a mabawuti, ndiye kalipentala kapena wowotcherera aliyense wa pamsika akhoza kukupangirani chomangirapo chabwino mukamupatsa miyeso. Changa ndi cha matabwa ndi mpando wakale wa galimoto, ndipo chinasintha kayendetsedwe kanga kuposa china chilichonse chimene ndinagula.

Mu Gran Turismo 7 muli manambala awiri, Force Feedback Max Torque ndi Force Feedback Sensitivity, onse kuyambira 1 mpaka 10. Mtima umafuna kukweza woyambayo mpaka 10 kuti mumve mphamvu. Musatero. Mota ili ndi malire ake, ndipo ikafika pamalirepo kukoka konse kumafanana, kona yaing'ono ndi yaikulu yomwe, moti kupepuka kuja simukumvanso. Osewera amati clipping. Ine Max Torque ndimaisiya pa 4, nthawi zina 5, ndipo ndimakonda chiwongolero chopepukirapo chimene chikundiuza zoona kusiyana ndi cholemera chosalankhula kanthu.

Ndikuuzirenitu kuti masiku oyamba mudzachedwa kuposa mmene mumachitira ndi padi, ndipo zidzakuwawani. Pa padi gemu imakuthandizani mobisa kusalaza makhotedwe, pomwe pa chiwongolero zonse zili kwa inu. Musayambe ndi magalimoto amphamvu. Tengani Mazda Roadster mupite nayo ku Tsukuba, bwalo la ku Japan la makilomita awiri okha, muzungulire kambirimbiri mpaka mudziwe pamene chiwongolero chimayamba kupepuka pa kona iliyonse. Mukatero bwerezani mayeso onse a laisensi a mu gemumo. Manja awiri akhale pachiwongolero, wina kumanzere wina kumanja, ndipo musafinye, chifukwa dzanja lofinya silimva kanthu. Jann Mardenborough wa ku Britain anapambana mpikisano wa GT Academy mu 2011 atazolowera pa gemu yomweyi ya Gran Turismo, mpaka anakayendetsa magalimoto enieni a Nissan pa mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans, ku France. Sindikuti mukafika kumeneko, koma zimene manja amaphunzira apa si zabodza.

Mukazolowera yesani Dirt Rally 2.0, mumve mmene chiwongolero chimavinira pamsewu wamiyala, ndi Assetto Corsa Competizione, imene ili ndi bwalo la Kyalami la kufupi ndi Johannesburg ngati mwagula paketi yake yowonjezera. Onse awiri alipo pa PS4 ndipo G29 amailandira. Koma Need for Speed ndi magemu ena a mtundu umenewo, pitirizani ndi padi, anapangidwira imeneyo.

Mukakumana ndi wogulitsayo jambulani kavidiyo chiwongolero chikuzungulira chokha poyaka, ndi kena kamzere ka buleki mukuponda, mutiponyere muno tione limodzi musanatulutse ndalama.