Funsani Tikuyankheni: Ndisiye ntchito ndipite ku koleji?

FUNSO: Ndasankhidwa kukachita digiri ya zaka 4, koma pano ndili pa ntchito yondipatsa kangachepe mwezi ndi mwezi. Makolo akuti ndipite basi. Anzanga akuti anthu ambiri asunga madigiri m'masutikesi, ntchito osaipeza. Ndimvere ndani? (Wowerenga wathu wa zaka 21)

YANKHO: Musanamvere aliyense, tengani pepala muwerengere. Anthu ambiri amangowonkhetsa fizi, malo ogona, chakudya, mabuku ndi kompyuta, n'kuiwala ndalama yaikulu kuposa zonsezi: malipiro amene mukanalandira mukanakhalabe pa ntchito.

Tiyerekeze kuti mumalandira 100 pamwezi (ikanipo nambala yanu yeniyeni). Zaka 4 ndi miyezi 48, ndiye kuti mwasiya 4,800. Tinene kuti fizi ndi zina zonse zakwana 4,000. Digiriyo yakudyerani 8,800. Mukadzayamba ntchito yolipira 160, mwawonjezera 60 yokha pamwezi, ndipo kubweza 8,800 kudzatenga miyezi pafupifupi 147, zomwe ndi zaka 12 ndi miyezi ingapo. Ikakhala ntchito ya 250, zaka 5 zakwana. Pamwamba pake ikani chaka chimodzi choyenda ndi makalata ofunsira ntchito. Mwaona kuti nkhani yagona pa maphunziro amene mukukachita ndi malipiro a anthu amene anawachita kale. Funsani anthu atatu kapena anayi amene anamaliza kosi yomweyo zaka 2 zapitazo, osati mmodzi yekha amene zinamuyendera.

Pali ntchito zina zomwe funsoli silivuta. Udokotala, unamwino, uloya ndi uinjiniya simungazigwire popanda pepala, ndipo nthawi zambiri muyeneranso kulembetsa ku bungwe loyang'anira ntchitoyo. Pomwe umakaniko, ukalipentala, kuwotcherera zitsulo kapena kukonza mafoni, amene akukulembani amafuna aone manja anu, ndipo satifiketi kapena dipuloma ya chaka chimodzi mpaka zitatu imakwana.

Choopsa kwambiri n'kusiyira panjira. Munthu amene wathera m'chaka chachitatu walipira zambiri, wataya malipiro a miyezi pafupifupi 36, koma olemba ntchito amamuona ngati amene sanapiteko n'komwe. Katswiri wa zachuma Michael Spence anafotokoza mu 1973 kuti pepala limagwira ntchito ngati chizindikiro kwa bwana amene sakukudziwani. Pepala likasowa, chizindikirocho palibenso. Ndiye funsani makolo mosabisa: fizi ya chaka chachinayi ichokera kuti? Ya chaka choyamba sivuta, abale amasonkha akadali ndi chimwemwe. Ndalama zimakonda kuthera pakati, makamaka fizi ikakwera kapena mukalephera phunziro lina n'kubwereza chaka.

Ngati ndi ngongole, werengani bwino chiwongoladzanja komanso tsiku limene chimayamba kuwerengedwa. Ngongole ya 10 peresenti pachaka, yomwe chiwongoladzanja chake chimaberekanso, imawirikiza kawiri pakatha zaka 7 ndi miyezi ingapo mukapanda kubweza kalikonse.

Onetsetsaninso kuti kolejiyo ndi yovomerezeka ndi bungwe la boma loona za maphunziro apamwamba, ndipo kosi yanuyo ili pa mndandanda wake. Zimachitika kuti sukulu ndi yovomerezeka koma kosi ina mkati mwake ayi. Musakhulupirire chikwangwani cha pageti, kaoneni nokha mndandandawo musanapereke ngakhale ndalama yolembetsera.

Ifeyo tinganene kuti pa zaka 21 masamu amakonda kukomera kupita, chifukwa muli ndi zaka pafupifupi 40 zodzagwira ntchito, ndipo zaka 12 zobwezera zija si zambiri poyerekeza ndi zimenezo. Koma kaye funsani ngati kosiyo ilipo yamadzulo, ya Loweruka ndi Lamlungu, kapena ya pa intaneti. Ingatenge zaka 5 kapena 6 ndipo mudzatopa ndithu, koma 4,800 ija siichoka m'thumba mwanu.