Funsani a Makaniko: V8 ya malemu bambo, ndiyiphwasule ndekha?

Funso: Akulu, bambo anga anandisiyira Chevrolet ya 1970 ya injini ya V8 (masilinda 8 oyikidwa ngati chilembo V) ija amati 350 potengera kukula kwake m'ma cubic inch. Yakhala mu galaja zaka zambiri, ikalira imafuka utsi wabuluu, oyilo ikumwa ngati petulo, ndiye pansi pakumveka kakugogoda. Sipanala ndimagwirako, ndinakonzapo injini ya masilinda 4. Kodi iyiyi ndingaphwasule nkumanganso ndekha pakhomo? Ine wowerenga wanu wa nthawi zonse.

Yankho: Achimwene, pepani ndi imfa ya bambo. Mutha ndithu, 350 ndi injini yofatsa, Chevrolet anayamba kuyipanga mu 1967 ndipo mapatsi ake mpaka lero sasowa. Koma tigawane ntchito kaye. Kuphwasula, kutsuka, kuyeza ndi kumanga ndi zanu. Kubowola masilinda, kupala krankishafti ndi kuyang'ana ngati buloko ili ndi ming'alu, izo pititsani kwa a makina, pakhomo ndi sandipepa simungathe. Masilinda ake ndi a mainchi 4 m'mimba mwake, akadyeka amawabowola kuwonjezera 0.030 ya inchi injini nkukhala 355, ndiye musagule mapisitoni iwo asanayeze, mudzangotaya ndalama.

Chinthucho nchamakilogalamu opitirira 200, pezani choyikwezera chenicheni ndi sitandi yotembenuka, osati chingwe pa mtanda wa denga.

Pophwasula mpamene anthu amaluzira gemu osadziwa. Jambulani ndi foni chilichonse musanamasule. Konirodi (chitsulo cholumikiza pisitoni ku krankishafti) iliyonse ndi kapu yake muyike nambala, makapu a ma main bearing, amene amagwira krankishafti mu buloko, nawonso chimodzimodzi, chifukwa anawabowola ali pamalo pawo ndipo mukasinthanitsa krankishafti imagwira. Apa V ikusiyana ndi ya masilinda 4 munakonza ija: makonirodi awiri amakhala pa pini imodzi, phewa ndi phewa, ndipo iliyonse ili ndi mbali yosemedwa kwambiri m'mphepete mwa bowo lalikulu. Mbali imeneyo iyang'ane ku tsaya la krankishafti, osati kwa inzake. Mukatembenuza imamangika bwinobwino ngati palibe vuto, muzadziwa mochedwa.

Buloko ikabwera kwa a makina musakhulupirire kuti ndi yoyera ngakhale ikuwala. Madzi otentha, sopo, timabulashi tating'ono m'njira zonse za oyilo, kenako pukutani masilinda ndi kansalu koyera kodontheza oyilo, kakatuluka kotuwa bwerezani, kakatulukanso kotuwa bwerezaninso, mpaka mutope nazo, chifukwa kotuwako ndi fumbi la mwala wopalira ndipo limadya maring'i atsopano mofulumira zedi. Ine ntchito imeneyi ndimadana nayo koma sindiyidumpha.

Kugogoda kuja mwina ndi ma bearing, ndiye poyika atsopano yezani ndi Plastigage, kaulusi ka pulasitiki kamene mumagoneka pa krankishafti, nkumanga kapu ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira), nkumasulanso osazungulitsa, nkuona mmene kaphwatalalira. Pa injini ngati yanuyi mpata umakhala cha m'ma 0.002 a inchi. Maring'i aliwonse alowetseni okha mu silinda yake muyeze kampata kapakati pa mapeto ake ndi feeler gauge (timalata toyezera mpata), lamulo lake ndi pafupifupi 0.004 pa inchi iliyonse ya kukula kwa silinda, kwa inu 0.016 pa ring'i yapamwamba. Kakachepa, injini ikatentha mapeto amagundana nkuswa pisitoni. Mabawuti a hedi alipo 17 mbali iliyonse, amalowa mpaka mu njira ya madzi ndiye pakani sealant pa mazinga ake, mangani pang'onopang'ono katatu kuyambira pakati mpaka torque wrench iwerenge 65 ft-lb. Zomanga ndi mphamvu za m'manja mukumva kuti "apa yakwana" zisiyeni.

Tsiku loliza. Musanapotoze kiyi zungulitsani pampu ya oyilo ndi dirilo kudzera pa bowo la distributor (chogawira moto ku mapulagi) mpaka oyilo atulukire m'mwamba mbali zonse ziwiri. Masilinda akumanzere, mukakhala mkati mwa galimoto, ndi 1-3-5-7, akumanja 2-4-6-8, ndipo moto umayenda 1-8-4-3-6-5-7-2. Poyika distributor onetsetsani kuti pisitoni ya nambala 1 ili pamwamba pa compression, nthawi imene ikupanikiza mpweya, tsekani bowo la pulagi ndi chala mumve mpweya ukukankha. Ine ndili wachinyamata sindinatero, distributor ndinayiyika molakwika, kabureta inalavula moto nsidze zanga zonse psiti, akazi anga mpaka lero amasimba.

Kamshafti (kamu) ya injini zakalezi ndi ya flat tappet, kutanthauza kuti malifita, tizitsulo timene imakankha kuti mavavu atseguke, alibe timawilo koma amakhula pa iyo, ndipo imafa kapena kukhala moyo m'mphindi 20 zoyamba. Malifita atsopano pa kamu yatsopano, apakeni mafuta omangira, thirani oyilo wa zinc wambiri popeza ma oyilo amasiku ano anamuchepetsa. Ikangolira musayisiye pa idle kuti mumve kukoma kwa mawu ake, ikwezeni pomwepo pakati pa 2000 ndi 2500 rpm kwa mphindi 20 mpaka 30, mukusinthasintha pang'ono, wina akuyang'ana geji ya oyilo ndi kutentha, wina wagwada kusuzumira ngati pansi pakudontha. Kenako khuthulani oyiloyo, sinthani fyuluta. Mudzatilembere mutiuze yalira bwanji.

Funso: Yanga ndi Ford 289, ndamanga yonse koma ikuphulika-phulika. Mawaya ndinalumikiza potengera mnzanga wa Chevrolet.

Yankho: Mayo ine! Mnzanuyo musiyeni ndi Chevrolet yake. Ford imawerenga kumanja 1-2-3-4, kumanzere 5-6-7-8, ndipo 289 moto wake ndi 1-5-4-2-6-3-7-8, distributor yake imazunguliranso mosemphana ndi wotchi pomwe ya mnzanuyo imatsata wotchi. Zulani mawaya onse muyambirenso pa nambala 1. Koma funsaninso amene anakugulitsani kamu, ngati ndi ya 351W, injini ina ya Ford, ndiye moto wake ndi 1-3-7-2-6-5-4-8.