Tayala likupalasa pakona: LSD iti yoyenera E36 ya pa track?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa m'bale wina wokhala ku Pretoria. Ali ndi BMW E36 328i ya magiya apamanja. Ndi imene amayendera popita kuntchito, koma kamodzi pamwezi amakaithamangitsa ku bwalo la mpikisano wa galimoto la Zwartkops pa masiku amene bwalolo limatsegulidwira aliyense. Dandaulo lake n'lakuti akamatuluka pakona yothina n'kuponda faya, tayala lakumbuyo la mkati limangopalasa, injini kulira, utsi tolotolo, galimoto osapita. Anzake atatu amuuza zinthu zitatu zokhudza difu, bokosi la magiya limene limagawa mphamvu ku matayala awiri akumbuyo. Wina akuti gula Quaife, wina akuti 2-way ya mapuleti, wachitatu akuti ingowotcherera difuyo basi nkhani ithe. Ndiye akufunsa kuti amvere ndani.

Achimwene, wachitatuyo musamumvere, tiyambire pamenepo. Difu yowotcherera ndi ya anyamata a spinning amene amazunguza Gusheshe, BMW E30 yakale ija, ku Soweto, chifukwa iwo amafuna kumbuyo kuzitaya nthawi zonse. Inu mukufuna kukhota mwachangu. Matayala awiri akumbuyo akamangidwa pamodzi, galimoto imakana kulowa pakona, imadya matayala, imathyola mashafti, ndipo tsiku la mvula pa msewu wa N1 mudzaona zakuda.

Vuto lanulo aliyense amene anakwerapo pikapu m'dzinja kumudzi amalidziwa. Yatitimira m'matope, tayala limodzi likuzungulira ngati lapenga, linalo lili pouma koma lili duu. Difu wamba imagawa mphamvu mofanana ku matayala onse awiri, ndiye limene lilibe pogwira ndi limene limalamula. Likatha kulandira pang'ono, linzakenso limalandira pang'ono pomwepo. Pakona thupi la galimoto limatsamira kunja, tayala la mkati limapepuka, ndipo limasanduka lija la m'matope. LSD (limited-slip differential) ndi difu imene ntchito yake ndi kuletsa tayala lopepukalo kuba mphamvu yonse, koma n'kulolabe kuti lakunja lizizungulira mofulumirirapo, poti njira yake ndi yotalikirapo.

Pa galimoto yanu mitundu yoti muiganizire ndi iwiri. Ya viscous, imene imadalira mafuta olimba a silikoni, iiwaleni. Imachedwa kugwira, ndipo ikatentha kangapo imafooka.

Mtundu woyamba ndi wa magiya opotoka, monga Quaife ATB ya ku England kapena Torsen, imene Vernon Gleasman anaitengera patent mu 1958. Toyota 86 ndi Subaru BRZ zimabwera ndi Torsen kuchokera ku fakitale. M'kati mwake mulibe mapuleti oti n'kutha. Mphamvu ikadutsa, magiya amakankhana n'kukhuzika ku chikhokho chake, ndipo kukhuzikako n'kumene kumatumiza mphamvu yambiri ku tayala logwira. Siichita phokoso, siifuna oyilo wapadera, siifuna kumasulidwa chaka ndi chaka. Pamsewu simudziwa n'komwe kuti ilipo.

Koma mvetsani apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Difu ya magiya imachulukitsa zimene tayala lofooka likutha kugwira. Tinene kuti yanu imachulukitsa katatu. Tayala la mkati likatha kugwira 200 Nm (muyeso wa mphamvu yozungulitsa), lakunja lingalandire mpaka 600 Nm. Nanga la mkati likanyamuka m'mwamba, monga zimachitikira mukakwera kebu yofiira ndi yoyera ija mwamphamvu? Ziro kuchulukitsa katatu ndi ziro yemweyo. Kwa kamphindi kameneko muli ndi difu wamba imene mwaigula modula. Kampani ya Wavetrac inayesa kutseka mpata umenewu poika kachipangizo pakati kamene kamapanga kulemera tayala likapepuka, ndipo kamathandizadi, komabe siifika pa ya mapuleti.

Ya mapuleti ndiye mtundu wachiwiri, umene ambiri a mpikisano weniweni amagwiritsa ntchito. OS Giken, Cusco ndi KAAZ a ku Japan, komanso Drexler wa ku Germany, onse amapanga yotere. M'kati muli mapuleti osanjikizana ngati a kilatchi ya njinga yamoto, ena omangika ku chikhokho, ena ku shafti. Pakati pali mapini ogona m'timipata tosongoka ngati V. Mukaponda faya, pini imakwera m'mbali mwa V, n'kukankha mphete ziwiri, mphetezo n'kufinya mapuleti. Palinso masipuling'i amene amawafinya kale pang'ono ngakhale galimoto itaima, amakaniko amati preload. Ndi chifukwa chake tayala limodzi likalendewera m'mwamba linalo limakankhabe.

Mawu aja a 1-way, 1.5-way ndi 2-way amanena za kapendekeredwe ka mbali ziwiri za V. Mbali imodzi imagwira mukaponda faya, inayo mukachotsa phazi injini n'kumabweza galimoto. 1-way imamanga poponda faya pokha. 2-way imamanga mofanana konsekonse. 1.5-way imamanga kwambiri poponda, pang'ono pochotsa phazi. Mukaona manambala ngati 45/60 pa katoni, ndi madigiri a mbali ziwirizo, ndipo nambala yaing'ono ndiyo yomanga kwambiri. Pa 90 pini ilibe pokwera, siimanga n'komwe. Funsanibe wogulitsa kuti nambala yoyamba ndi ya mbali iti, poti makampani salemba mofanana.

Mnzanu wa 2-way sakunama kwenikweni. Kumanga pochotsa phazi kumakhazika kumbuyo pansi mukamaponda buleki pa liwiro lalikulu, galimoto siigwedeza mchira. Kuipa kwake n'kwakuti difu yomangika imafuna kupita molunjika. Mukupinda chiwongolero, mphuno ikukana, ikuthawira kunja. Pa bwalo lalitali ngati Kyalami, la makilomita 4.5, dalaivala wozolowera akhoza kukonda bata limeneli. Zwartkops ndi lalifupi, pafupifupi makilomita 2.4, ndipo nthawi imatayika kwambiri pamakona oyenda pang'onopang'ono, pamene mukufuna mphuno imvere msanga. 2-way yolimba pamenepo idzangosamutsa vuto lanu kuchoka potuluka pakona kupita polowa. A drift amaikonda chifukwa iwo amalowa pakona cham'mbali.

Ndiye ine ndikanakhala inu ndikanatenga ya mapuleti ya 1.5-way, preload yapakatikati. Koma musanatulutse ndalama, chitani zinthu ziwiri.

Choyamba, pemphani mnzanu aime pakona imene imakuvutaniyo akujambuleni vidiyo ndi foni, cha kumbuyo. Muone ngati tayala la mkati likungopepuka kapena likuchokeratu pansi. Mu imelo mwanena kuti munaika ma sway bar, zitsulo zoletsa galimoto kutsamira pakona, okhuthala kutsogolo ndi kumbuyo. Wakumbuyoyo ndimamukayikira. Akalimba kwambiri amanyamula tayala la mkati, ndipo nthawi zina kungomufewetsa kapena kubwezera wa fakitale kumachepetsa kupalasako, ntchito ya theka la tsiku chabe, osagula kanthu. Mukaona kuti tayala silichoka pansi, ndipo matayala anu ndi apamsewu, Quaife ikukwanirani, ndiponso kwa galimoto yopitira kuntchito masiku asanu pa sabata ndiyo yosatopetsa. Mukaona kuwala pakati pa tayala ndi phula, kapena mukufuna kusamukira ku ma semi-slick, matayala a pa track ogwira kwambiri, mapuleti basi.

Chachiwiri, fufuzani difu ya fakitale. 328i imagwiritsa difu ya 188 mm, ndipo BMW inapanga zina za saizi yomweyo zokhala kale ndi LSD ya mapuleti yomanga 25 peresenti. Pa kachitsulo kolembapo kamene kali pa difu, zotere zimayamba ndi chilembo S patsogolo pa nambala yosonyeza kuti shafti yochokera ku giyabokosi imazungulira kangati kuti matayala azungulire kamodzi, monga S3,15. Yanu ya magiya apamanja ndi 2.93, ndiye 3.15 imakupatsaninso kunyamuka kwachangu potuluka pakona, ngakhale injini izilira mokwererapo pamsewu waukulu. Makaniko wodziwa amatha kuimasula, kuika mapuleti atsopano, ngakhale kuwonjezera ena kuti izimanga kwambiri.

Apa mpamene ine ndinapsa. Zaka zapitazo ndinagula yotereyi kwa munthu wogulitsa zitsulo za galimoto zophwasulidwa. S analipo, ndinamuona ndi maso anga. Ndinazunguza mbali imodzi ndi dzanja, inayo inatsatira mbali yomweyo, ndinati yagwira. Nditaimanga, kupalasa kuli pomwepo. Titaitsegula tinapeza mapuleti osalala ngati pansi pa sefuliya yakale, oyilo wakuda bii wonunkha chipsereza. Kuzunguza ndi dzanja kumangokuuzani kuti LSD ilimo, osati kuti ili moyo. Choyenera ndi kugwira mbali imodzi zolimba, kuika torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yozunguzira, mbali inayo, n'kuwerenga pamene yayamba kuterereka. Ikatembenuka popanda kulimbana nayo, werengerani mtengo wa mapuleti atsopano musanagwirizane za ndalama. Dziwaninso kuti Quaife ndi Torsen mukaziyesa pa jeke zimaoneka ngati difu wamba, tayala linalo limabwerera m'mbuyo, ndiye musamutche munthu wakuba pa chifukwa chimenecho.

Ya mapuleti ili ndi mayendedwe ake oti muwazolowere. Pokhota pang'onopang'ono poimika galimoto imatha kugogoda, gu gu gu, mpaka alonda a pa mall kukuyang'anani. Imafuna oyilo wa GL-5 wolembedwa LS, kapena amene wopanga watchula, ndipo pa track oyiloyo amatentha, muzimusintha pafupipafupi kusiyana ndi mmene buku la galimoto likunenera. Yatsopano nthawi zambiri imafuna kuizoloweza poyendetsa galimoto mozungulira ngati nambala 8 pamalo opanda anthu, pang'onopang'ono, kenako n'kutaya oyilo woyambayo. Womanga akhale munthu amene ali ndi dial gauge, chipangizo choyezera timipata tating'ono, ndipo amadziwa kuyeza mpata wa pakati pa crown wheel ndi pinion, giya yaikulu ya difu ndi yaing'ono imene imaizunguza. Akangomanga ndi maso, difu idzayamba kulira ngati mphepo ya mu Julaye, ndipo mano ake sakhalitsa.

Ngati mumalota zodzalowa mpikisano wa kalabu, werengani kaye malamulo a gulu limene mukufuna, chifukwa ena amaletsa mitundu ina ya difu kapena kusintha nambala yake.

Tsiku loyamba mukaimanga musathamangire kuswa nthawi yanu yakale. Kale mukaponda faya mopitirira, tayala limodzi linkapalasa, galimoto n'kukhala pamzere. Tsopano onse awiri akhoza kutaya phula nthawi imodzi, mchira n'kutuluka. Yambani ndi maulendo angapo ofatsa, muziwonjezera faya pang'onopang'ono potuluka pakona. Vidiyo ija mukaijambula nditumizireni, pamodzi ndi saizi ya matayala ndi makulidwe a sway bar wakumbuyo, tione ngati 1.5-way ikufunikadi.