Kodi kulera maselo a khansa mu labotale ndi ntchito yodalirika?

Mayi ena atilembera kuti mwana wawo wamkazi watsala pang'ono kumaliza digiri ya sayansi ya zamoyo, ndipo mtima wake uli pa kafukufuku wolera ma organoid (timagulu ta maselo tokulira mu labotale) ochokera ku zotupa za khansa ya thumba la mazira. Iwo ankafuna kuti adzakhale dokotala. Akufunsa ngati iyi ndi ntchito yeniyeni, komanso ngati ayenera kuyamba waphunzira udokotala.

Mayi, ntchitoyi ndi yeniyeni ndipo silira digiri ya udokotala. Dokotala amachotsa chotupa pa opaleshoni, koma wochisandutsa chida chofufuzira ndi munthu wa mu labotale.

Organoid ndi kampira kakang'ono ka maselo komwe kamakula motengera chiwalo kapena chotupa chomwe kanachokera. Njirayi inadziwika mu 2009 pamene Toshiro Sato ndi Hans Clevers a ku Hubrecht Institute, mumzinda wa Utrecht ku Netherlands, anakulitsa timatumbo ting'onoting'ono kuchokera ku maselo a mbewa. Mu 2019 ofufuza a ku Utrecht komweko analengeza kuti akwanitsa kulera magulu 56 a ma organoid ochokera ku zotupa za thumba la mazira za odwala 32. Kufunika kwake nkwakuti khansayi imadziwika mochedwa, ndipo ngakhale poyamba imamva mankhwala a carboplatin ndi paclitaxel, kawirikawiri imabwereranso itasiya kumva mankhwalawo. Pa ma organoid munthu angathe kuyesa mankhwala osiyanasiyana, monga olaparib yemwe amathandiza kwambiri odwala omwe majini awo a BRCA1 kapena BRCA2 ali ndi vuto, popanda kuika wodwala pa chiswe. Padakali pano zambiri zikadali pa kafukufuku, sizinafike pokhala chithandizo cha tsiku ndi tsiku.

Chomwe ndikufuna mwana wanu amvetse ndi mmene tsiku lake lizikhalira. Kachidutswa ka chotupa kakafika, wodwala atavomereza ndi kusaina, amakadula timbenembene, n'kukalekanitsa ndi ma enzyme (mankhwala omasula maselo omwe agwirana), kenako n'kuika maselowo m'timadontho ta Matrigel, phala lapadera lomwe maselo amakuliramo. Amawasunga mu incubator (kabati yosungiramo maselo) yofunda madigiri 37, ndipo masiku awiri kapena atatu aliwonse amawasinthira madzi omwe muli chakudya chawo. Maselo sadziwa Loweruka kapena tchuthi. Akachuluka amawagawa, ena n'kuwaumitsa mu nayitirojeni wamadzi wozizira madigiri 196 pansi pa ziro. Zotupa zina sizikula n'komwe. Nthawi zina zomwe zakula bwino zimapezeka kuti ndi maselo abwinobwino omwe aphimba a khansa, n'chifukwa chake amayeza jini ya TP53, yomwe imakhala yowonongeka pafupifupi mu khansa zonse za mtundu woopsa wa high-grade serous. Ndiye pali tizilombo ta mycoplasma tomwe timalowa mwakachetechete n'kuwononga ntchito ya miyezi. Munthu wopupuluma, kapena wolemba zotsatira mongokumbukira, ntchitoyi imamukana.

Choncho asanamalize digiri, apemphe kuti pulojekiti yake ya chaka chomaliza ikhale mu labotale yolera maselo, ngakhale asakhale a khansa. Olemba ntchito amafuna kuona kuti manja ake anagwirapo pipette (kachida kotungira timadontho ta madzi moyeza) ndipo amadziwa kugwira ntchito osalowetsa tizilombo. Alimbikirenso statistics ndi pulogalamu ya pakompyuta monga R, pakuti zotsatira za majini zimabwera zambirimbiri. Ndi digiri yoyamba angathe kulembedwa ngati wothandizira pa kafukufuku, koma kuti adzatsogolere kafukufuku wake pafunika masters ndi PhD.

Sindikubisirani, mayi: ntchito zambiri zoyambira zimakhala za kontirakiti, chifukwa zimadalira ndalama zomwe ofufuza apatsidwa, ndipo zikatha munthu amayamba kusaka kwina. Komabe luso lolera maselo limafunikanso ku makampani opanga mankhwala ndi katemera. Akamasankha komwe angakaphunzire, afunse aphunzitsiwo ngati labotale yawo ili pa mgwirizano ndi chipatala chomwe chimapanga maopaleshoni a khansayi, ngati kafukufukuyo ali ndi chilolezo cha komiti yoteteza ufulu wa odwala, komanso kuti ndalama zomwe zilipo zikwana zaka zingati.