Funsani Tiyankhe: Makalata a agogo sanena kanthu za nkhondo

FUNSO: Mayi anga atamwalira chaka chatha, tinapeza m'sutikesi mwawo makalata amene bambo awo, agogo anga aamuna, ankatumiza ali ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Oyamba ndi a 1942, omaliza a 1945. Chandidabwitsa n'chakuti za nkhondo mulibe. Amangopereka moni, n'kunena kuti "ine kuno ndili bwino", basi n'kuyamba mafunso: kodi ndalama munakalandira kwa a DC, kodi denga munafolera, kodi mwana wayamba kuyenda. Kalembedwe kake n'kosiyanasiyana, ndipo mapepala ena ali ndi mabowo ochita kudula ndi lezala. Pa envelopu ina, yadeti la Okutobala 1944, palembedwa SEAC. Amalume akuti zonsezi zikusonyeza kuti agogo sanafike ku Burma, ankangotikometsera nkhani. Kodi akunena zoona? Ndine mdzukulu wamkazi, ku Ntcheu.

YANKHO: Mayi, amalume anu ndi akuluakulu ndipo ndikuwapatsa ulemu wawo, koma apa aphonya. Umboni wowatsutsa uli pa envelopu yomweyo.

SEAC ndi chidule cha South East Asia Command, likulu limene Britain ndi mayiko ogwirizana nawo anakhazikitsa mu 1943 pansi pa Lord Louis Mountbatten kuti liziyendetsa nkhondo yolimbana ndi Japan. Msilikali wa adiresi imeneyo sanali ku Zomba, sanalinso ku Nairobi. Anali atawoloka nyanja. Anyamata a ku Nyasaland a m'gulu la King's African Rifles anayamba kumenyana ndi Ataliyana mu 1940, ena ku Moyale kumalire a Kenya ndi Ethiopia, ena ku Tug Argan ku British Somaliland. Mu 1942 ena anapita ku Madagascar. Mu 1943 gulu lalikulu la 11th East Africa Division linatumizidwa ku Ceylon, komwe lero timati Sri Lanka, kukaphunzira kumenya nkhondo m'nkhalango. Chakumapeto kwa 1944 gululi linali m'chigwa cha Kabaw ku Burma, likuthamangitsa asilikali a Japan m'kati mwa mvula yosakata, mpaka linafika ku Kalewa pa mtsinje wa Chindwin mu Disembala. Envelopu yanu ya Okutobala ikugwera m'miyezi yomweyo.

Tsono n'chifukwa chiyani munthu amene anali m'matope otero, pakati pa malungo ndi zipolopolo, ankangoti "ndili bwino"? Apa ndiye ndikufuna tikhazikike, chifukwa anthu ambiri amawerenga makalata otere ngati kuti ankachoka mumtima mwa wolemba n'kukagwera m'manja mwa mkazi wake. Sizinali choncho. Pakati pawo pankadutsa anthu ena atatu.

Woyamba anali wogwira pensulo. Asilikali ambiri analowa usilikali asakudziwa kulemba, ndiye ankapempha mnzawo wopita kusukulu ya mishoni kapena kalaliki wa gulu lawo kuti awalembere. N'chifukwa chake mukuona manja osiyanasiyana. Mnzawo akasamutsidwa, akadwala kapena akaphedwa, ankafuna wina. Yang'anitsitsani makalata omalizira. Ankhondo anali ndi aphunzitsi awoawo, ambiri ophunzitsidwa ku Jeanes School ku Kabete m'dziko la Kenya, ndipo asilikali ochuluka anaphunzira kulemba ali komweko. Mukapeza kalata ya zilembo zikuluzikulu zonjenjemera, mizere yake yopendekera kumunsi, mwina imeneyo ndi dzanja la agogo anu enieniwo.

Wachiwiri anali wa lezala uja. Kalata iliyonse isananyamuke inkawerengedwa ndi akuluakulu a usilikali. Dzina la malo, dzina la sitima, chiwerengero cha ophedwa, tsiku losamuka, zonsezi ankazidula kapena kuzipaka inki yakuda, kuopa kuti thumba la makalata lingagwe m'manja mwa adani. Akatero ankadinda chidindo pa envelopu. Mabowo amene akukudandaulitsaniwo ndi malo amene agogo anayesa kunena komwe ali. Munthu wongokhala pakampu ya ku Zomba, komwe abale ake ankadziwa kale, akanabisiridwa chiyani? Ndipo msilikali aliyense ankadziwa kuti owerengawo sakungosaka mayina a malo. Ankatcheranso khutu ku madandaulo, ndiye wanzeru ankasunga pakamwa.

Wachitatu anali kumudzi. Agogo anu aakazi n'kutheka kuti nawonso sankawerenga. Kalata ikafika inkapita kwa mphunzitsi, kwa mkulu wa mpingo kapena kwa mwana wasukulu, n'kuwerengedwa mokweza, apongozi ali pomwepo, anansi atatsamira pakhoma. Taganizani inuyo. Mawu anu adutse m'dzanja la mnzanu, m'maso mwa bwana wanu, kenako atuluke pakamwa pa mwana wa eni pamaso pa mudzi wonse. Kodi munganene kuti dzulo munakwirira mnzanu wa m'mudzi woyandikana, mayi ake asanauzidwe? Kodi munganene kuti usiku simugona ndi mantha? Kodi mungatchule n'komwe kuti mwamusowa mkazi wanu?

Choncho mawu akuti "ndili bwino" musawapeputse. Kalata inkatenga masabata, nthawi zina miyezi. Ku Burma, misewu itasanduka phala, makalata ankaponyedwa kuchokera m'ndege pamodzi ndi chakudya ndi zipolopolo, ndipo yankho linkabwerera pang'onopang'ono mpaka kukakwera sitima. Kwa mayi woyembekezera kumudzi, nkhani yaikulu inali deti la pamwamba pa pepala: tsiku limeneli mwamuna wanga anali moyo. Zina zonse zinali zowonjezera.

Mafunso aja ndiwo ine ndimawakonda kwambiri m'makalata a mtundu uwu, chifukwa m'menemo ndi momwe munthu amaonekera. Ndalama zimene akufunsazo ndi gawo la malipiro limene msilikali ankalola kuti lizidulidwa n'kumaperekedwa kwa banja lake kudzera ku ofesi ya DC. Zikachedwa kapena zikalandiridwa ndi wachibale wolakwika, iye analibe chochita koma kulemba n'kulembanso. Ndipo ndalamazo sizinali zambiri. Nkhondo itatha, ndalama yothokozera inkawerengedwa potengera khungu: mzungu wa udindo wotsikitsitsa ankapatsidwa mashiling'i 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, pamene munthu wakuda wa udindo womwewo ankapatsidwa mashiling'i 3 ndi theka. Zimenezi zimandipweteka nthawi zonse ndikaziganiza, chifukwa chipolopolo sichinkasankha. Bambo amene akufunsa za denga ali kutsidya kwa nyanja akuwerengera miyezi, akudziwa kuti kwawo mvula yayandikira. Amene akufunsa ngati mwana wayamba kuyenda anamusiya ali kumsana, ndipo akumukulitsa m'maganizo. Japan inagonja mu Ogasiti 1945, koma ambiri anafika kwawo mu 1946, mwanayo akuthamanga kale.

Kuti mutsimikize bwino, funani nambala ya usilikali. Imalembedwa patsogolo pa dzina, ndipo za asilikali ambiri a ku Nyasaland zinkayamba ndi zilembo DN. Ndi nambalayo pamodzi ndi dzina la gulu lawo, kafunseni ku National Archives of Malawi ku Zomba. Funsaninso abale ngati pali amene anasunga mamendulo. Ya Burma Star, imene ankapatsa omenya nkhondo ku Burma, ndi nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi, kansalu kake kofiira pakati, m'mbali muli mizere yabuluu ndi yaolenji. Ngati m'makalatamo muli dzina la mnzawo amene kenako sakutchulidwanso, lifufuzeni pa intaneti pa tsamba la Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda a asilikali. Mayina a asilikali a ku Africa amene anafera ku Burma alipo ku manda a Taukkyan pafupi ndi Yangon. Ndipo amalumewo musawasiye kunja. Akhazikeni pansi, muwawerengere kalata imodzi mokweza, muwafunse kuti mwana wotchulidwayo anali ndani.

FUNSO: Ndili ndi kalata imodzi yokha ya bambo anga aakulu, ya 1943, ndipo yayamba kung'ambika mopinda. Ndikufuna kukaimata pulasitiki pa makina kuti isathe. Ndichite? Ndine mphunzitsi wopuma, ku Dedza.

YANKHO: Aphunzitsi, chonde musatero. Makina amenewo amagwiritsa ntchito kutentha ndi guluu, ndipo pepala likamatidwa m'pulasitikimo silimatukanso. Selotepi nayonso ayi: pakapita zaka imasanduka yachikasu n'kusiya banga lodya zilembo. Itambasuleni pang'onopang'ono ndi manja oyera ndi ouma, muchotse phini kapena chitsulo chilichonse cha dzimbiri, muigoneke pakati pa mapepala awiri oyera m'faelo yolimba. Envelopu musataye, chifukwa zidindo zake nthawi zina zimanena zambiri kuposa kalatayo. Sungani pamalo ouma, kutali ndi dzuwa, chiswe ndi mphemvu, osati pafupi ndi malata.

Musanaisunge, ijambuleni ndi foni mbali zonse ziwiri pamalo owala, mutumizire abale angapo. Kenako koperani mawu ake m'kope monga momwe alili. Mukapeza "cabwino" kapena "ndiri", musakonze, aphunzitsi, ngakhale dzanja likuyabwa. Umo ndi momwe ankalembera nthawi imeneyo. Pansi pake lembani dzina lonse la wolemba, mudzi wake, amene ankamulemberayo, ndi ubale wawo ndi inu.